Osewera otchipa koma othandiza pa fantasy ya NBA: mumawapeza bwanji?

Kanyenya23
Akuluakulu, draft yosankha osewera a ligi yathu ya sizoni ya 2025-26 ili Loweruka lino pa Yahoo, tilipo anthu 12 ndipo ine ndagwera nambala 9. Maraundi atatu oyamba sindikudandaula nawo, mayina ake aliyense akuwadziwa. Pamene pamandivuta ndi kuyambira raundi 7 kutsika m'munsi, poti onse amaoneka ofanana, uyu mapointi 12, uyo 14. Koma chaka chilichonse pamapezeka munthu amene watola wosewera pa raundi 10, pofika Disembala wosewerayo akuposa amene ena tinatenga pa raundi 4. Ndi mwayi chabe kapena pali chimene mumayang'ana? Chonde musandiuze zoti ndizionera magemu, amayamba 2 koloko usiku ndipo ine 7 koloko ndimakhala ndili pa ntchito.

Thobwa_na_Threes
Muyambe mwatiuza, ligi yanu ndi ya mapointi kapena 9-cat, yopikisana pa magawo 9? Apo ayi tingokunamizani.

Kanyenya23
9-cat amwene, head to head, sabata ndi sabata.

GogoWaLigi
Mwafunsa bwino achimwene. Ine ndinena chimodzi chokha, ena awonjezera: mphindi. Wosewera wa NBA aliyense amatha mpira, ngakhale amene amakhala kumapeto kwa benchi. Chimene chimasiyanitsa manambala awo kwambiri ndi nthawi imene kochi akuwapatsa, komanso kuchuluka kwa mipira imene ikudutsa m'manja mwawo. Mndandanda umene Yahoo imakuonetsani pa draft umatsamira kwambiri pa zimene munthu anachita chaka chatha. Ndiye funso langa silikhala lakuti wabwino ndani, limakhala lakuti pa timu iyi wachoka ndani, ndipo mipira imene ankaponya iyeyo aziponya ndani tsopano.

Taonani Lauri Markkanen. Ku Cleveland mu 2021-22 ankagoletsa mapointi 14.8 pa gemu. Utah itagulitsa Donovan Mitchell ndi Rudy Gobert mu 2022, iye anapita kumeneko pa trade ya Mitchell yomweyo, n'kupeza palibe wina womulanda mpira. Anamaliza sizoni ndi 25.6, kulowa All-Star, n'kutenganso Most Improved Player. Jalen Brunson chimodzimodzi, 16.3 ali pambali pa Luka Dončić ku Dallas, 24.0 chaka chake choyamba ku New York. Tyrese Maxey anachoka pa 20.3 kufika 25.9 James Harden atapita ku Clippers mu 2023. Ndipo mu 2024-25 Norman Powell, munthu wa zaka zoposa 30 amene tonse tinkamudziwa ngati wa pa benchi, anakwera kuchoka pa 13.9 kufika 21.8 Paul George atasamukira ku Philadelphia. Palibe mmodzi mwa anayiwa amene anaphunzira mpira m'miyezi itatu ya tchuthi. Malo anangotseguka. Zimenezi simufunika kudzuka usiku kuti muzidziwe, mumangowerenga amene walowa ndi amene watuluka pa timu iliyonse.

KabazaPG
Agogo mwatchula okhawo amene zinawayendera. Nanga Jordan Poole? Anapita ku Washington mu 2023, aliyense akuti uyu agoletsa 25, mpira onse ndi wake. Anthu anamutenga msanga, kenako analira sizoni yonse.

GogoWaLigi
Zoona, ndipo Poole akutiphunzitsa kuti malo akatseguka poyera kwambiri, aliyense amawaona ndipo mtengo umakwera. Iye sanali wotchipa, anthu anamulipira ngati wagoletsa kale 25 yo. Nkhani ya achimwenewa ndi ya raundi 7 kutsika, kumene ukalakwitsa umangomutaya pakatha masabata awiri n'kutola wina.

Nachi_9cat
Ndikuwonjezere pa za agogo, chifukwa zitsanzo zawo zonse ndi za mapointi, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. Mu 9-cat mapointi ndi gawo limodzi mwa magawo 9. Enawo ndi marebaundi, maasisti, ma steal, ma block, ma three, FG% (gawo la mipira yoponyedwa imene yalowa), FT% (chimodzimodzi pa ma free throw) ndi ma turnover (kutaya mpira). Munthu wa mapointi 20 opanda china chilichonse amakuthandizani gawo limodzi, mwina awiri, n'kukuwonongerani FG%. Koma anthu pa draft maso amakhala pa mapointi basi, chifukwa ndi zimene amaziona pa timavidiyo ta pa Instagram.

Ma steal ndi ma block ndi osowa. Osewera ambiri sakwanitsa ngakhale steal imodzi pa gemu, ndiye amene amapeza ziwiri amakhala ngati wakunyamulirani gawo lonse yekha. Dyson Daniels ku New Orleans mu 2023-24 ankasewera mphindi pafupifupi 22, koma ma steal anali 1.4 pa gemu. Atapita ku Atlanta pa trade ya Dejounte Murray mphindi zinafika pafupifupi 34, anamaliza ndi ma steal 229, kutanthauza 3.0 pa gemu. Amene anayang'ana manambala ake pa mphindi 36 zilizonse anaona kale kuti akadzangopatsidwa nthawi, kudzakhala moto. Pa Basketball Reference gawo limenelo lilipo, laulere, limalembedwa kuti per 36 minutes. Ine ndimafuna munthu amene manambala akewo ndi abwino kale, kenako ndimafunsa funso la agogo lija, loti kodi mphindi azipeza?

Thobwa_na_Threes
Achemwali per 36 yo isamaleni. Boban Marjanović manambala ake a per 36 ankaoneka ngati a All-Star chaka ndi chaka, koma palibe kochi amene ankamupatsa mphindi 30 gemu ndi gemu. Ena amawala mphindi 12 chifukwa akusewera ndi anzawo a pa benchi, kapena gemu itatha kale. Ena akangosewera nthawi yaitali amadzaza ma foul.

Nachi_9cat
N'chifukwa chake ndati mafunso ndi awiri. Daniels mphindi anazipeza chifukwa amatchinga bwino, ndipo Atlanta inkafuna munthu wotero pambali pa Trae Young. Boban kochi sakanamusiya nthawi yaitali poti pa pick and roll ankamuthamangitsa. Wosewera amene satchinga kochi amamukhazika pansi ngakhale azigoletsa bwanji.

Mlonda_wa_Usiku
Ine magemu ndimaonera, ntchito yanga ndi ya usiku ndiye foni imakhala pambali. Zimene anena achemwali ndi zoona. Mukukumbukira Cam Thomas mu Febuluwale 2023? Magemu atatu otsatizana, 44, 47, 43, nthawi imene Kyrie Irving ankachoka ku Brooklyn. M'ligi yathu anthu anakanganirana ngati shuga wasowa m'sitolo. Atafika Mikal Bridges ndi anzake pa trade ya Kevin Durant, mnyamata anabwerera pa benchi. Ndipo ngakhale masiku amene amagoletsa, ukayang'ana marebaundi ndi ma steal umapeza pouma.

KabazaPG
Koma mapointi 134 pa magemu atatu ndi sabata yowina imeneyo kkkk. Musanyoze.

Mlonda_wa_Usiku
Sabata imodzi eya. Wina anataya wosewera wabwino wa sizoni yonse kuti apeze malo omuika.

Zebra_wa_Ndirande
Pepani ndine watsopano, ine ndinazolowera FPL, fantasy ya Premier League. Kodi kuno sizili ngati kuja, aliyense kungogula Haaland bola ndalama zikwane?

Thobwa_na_Threes
Ayi amwene. Ku FPL mumapatsidwa £100m ndipo anthu miliyoni akhoza kukhala ndi wosewera mmodzi yemweyo. Kuno wosewera akatengedwa watengedwa, ndi wa munthu mmodzi m'ligi yonse. Pa anthu 12 aliyense akatenga 13, osewera 156 apita. Ndiye mukadziwa kanthu kamene anzanu sakudziwa, phindu lake ndi lanu nokha.

Zebra_wa_Ndirande
Nanga kapteni amasankhidwa bwanji?

KabazaPG
Kulibe kapteni kuno, kuli kusowa tulo basi.

Malume_SouthBend
Moni kumudzi. Ine ndili ku Indiana, magemu amayamba ndikudya chakudya chamadzulo, ndiye za tulozo pepani. Ndikufuna nditchule gulu limene palibe walinena, la madala. Achinyamata pa draft amathamangira ma rookie ndi a chaka chachiwiri, poti dzina latsopano limakoma. Madala amatsika mpaka m'munsi popanda chifukwa chenicheni. Brook Lopez anasewera magemu 13 okha mu 2021-22 chifukwa cha opaleshoni ya msana, anthu anati watha. Sizoni yotsatira, ali ndi zaka 34, anasewera magemu 78, ma block 2.5 pa gemu, akuponyanso ma three, osawononga FT%. Center wotero ndi wosowa kwambiri. Ma rookie ambiri chaka choyamba FG% imakhala yonyansa, ma turnover mbwee. Victor Wembanyama ndi ma block ake 3.6 asakupusitseni, ameneyo ndi wa yekha.

Chinanso ndi kupezeka. Mikal Bridges mu 2022-23 anasewera magemu 83 pa sizoni ya magemu 82, chifukwa cha mmene ndandanda ya Phoenix ndi ya Brooklyn zinakumanirana atagulitsidwa. Munthu wotero pa mndandanda wa pa gemu amaoneka wamba, koma mukaphatikiza za sizoni yonse amakwera kwambiri.

KabazaPG
Malume apa ndiye tisiyana. Ine ndimati otchipa enieni ndi akatswiri ovulalavulala. Kawhi Leonard, Zion Williamson, Joel Embiid. Anthu amawaopa, amatsika maraundi awiri kapena atatu, iwe n'kumutola. Akakhala bwino wapeza wa raundi yoyamba pa mtengo wa raundi 5. Akavulala pali IL, malo a ovulala, umamuika pamenepo n'kutola wina. Ligi suwina ndi anthu amantha.

Malume_SouthBend
Mphwanga, tiwerenge za Zion. 2021-22 sanasewere ngakhale gemu imodzi. 2022-23 magemu 29. 2023-24 magemu 70. 2024-25 magemu 30. Pa zaka zinayi, chaka chimodzi chokha ndi chimene munaseka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

KabazaPG
Ndipo chaka chimodzicho amene anamutenga anamutenga motchipa. Ndi zimene ndikunenazo.

Nachi_9cat
Vuto la njira yanu a Kabaza si kuvulala kwa miyezi, kumeneko IL imathandizadi. Vuto ndi uja amalembedwa questionable (wokayikitsa kusewera) tsiku lililonse, kapena amene samasewera magemu a masiku otsatizana. Nkhani yoti sasewera imatuluka kutatsala mwina ola limodzi kuti gemu iyambe, kwathu kuno ili 1 koloko usiku, inu muli mtulo. Mukudzuka m'mawa mukupeza pamalo pake pali 0, pomwe pa benchi panu wina wagoletsa 22. A Malume akhoza kusintha timu ali pa sofa, ife ayi. Ndiye wosewera yemweyo mtengo wake kwa ife ndi wotsika kuposa kwa munthu wa ku America. Ngati ligi yanu ili ndi IL+ yolola ma day-to-day zimachepako, koma osati kutheratu.

Mlonda_wa_Usiku
Ndilembeni ganyu ndizikusinthirani ma lineup, mtengo tikambirana ku inbox.

Kanyenya23
Kkkk a Mlonda inu ndi amene simufunika m'ligi. Kwathu tili naye wina wotero, akangovulala munthu 3 koloko usiku iye watola kale wolowa m'malo mwake. Ife tikamadzuka tingoona "added".

Thobwa_na_Threes
Limenelo ndi vuto la commissioner wanu, woyendetsa ligi. Muuzeni aike kuti osewera onse opanda timu azidutsa pa waiver (podikirira asanatengedwe) tsiku lililonse, ndipo mugwiritse FAAB. Aliyense amapatsidwa ndalama zongoyerekeza, tinene 100, za sizoni yonse. Mukafuna wosewera mumalemba mtengo mobisa, wapamwamba ndi amene amatenga. Wogona ndi wosagona amafanana.

Mlonda_wa_Usiku
Mukufuna kundilanda chokhacho chimene ntchito ya usiku imandipatsa.

Zebra_wa_Ndirande
Inu mukuonera bwanji magemuwa? Ine bandulo imatha kota yoyamba isanathe, magetsinso akazima ndiye basi.

Malume_SouthBend
Kuno nakonso si zaulere mphwanga, magemu anawagawa m'makampani angapo, ulipire uku ulipirenso uku.

Dzuwa_la_Salima
Koma abale, mphamvu zonsezi pa mpira wa ku America. Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikupita ku Road to BAL, mpikisano wolowera Basketball Africa League, ndani wa inu anakaonerapo gemu yawo?

KabazaPG
Akayamba kulemba ma steal ndi ma block a gemu iliyonse pa intaneti tidzapanga fantasy yake, ine ndidzakhala commissioner.

GogoWaLigi
Tibwerere kwa mwini funso, Loweruka layandikira. Pali chinthu china chimene chimasandutsa wosewera wamba kukhala wamtengo kwa inu nokha, ndicho punt. Pa 9-cat kuti muwine sabata mumangofunika magawo 5 mwa 9. Ndiye mukhoza kusankha dala gawo limodzi loti mulitaye. Tinene pa nambala 9 yanuyo Giannis Antetokounmpo wakupezani. Mu 2022-23 FT% yake inali 64.5, akuponya ma free throw oposa 12 pa gemu. Kuchuluka kumeneko ndi kumene kumapweteka. Tiyerekeze kuti anzake onse pa timu yanu aponya 100 pa sabata n'kulowetsa 80, muli pa 80%. Iye pa magemu atatu aponye 37, alowetse 24, mwatsika kufika pa 76%. Kuti mukonze zimenezo mudzawononga ma pick atatu kufunafuna oponya bwino, koma osafikabe.

Ndiye litayeni gawolo. Mukatero anthu ngati Rudy Gobert kapena Walker Kessler, amene anzanu akuwazemba chifukwa cha FT%, kwa inu alibe chilema. Marebaundi, ma block ndi FG% mukhala mukuwina sabata iliyonse. Zili ngati pa kaunjika, jekete labwino limene ena alisiya chifukwa manja ake ndi aatali, inu ngati muli wamtali ndi lanu pa mtengo wotsika. Chongofunika, musataye magawo awiri atatu mosadziwa. Ma center oterowo saponya ma three, ndiye ma guard anu akhale oponya kwambiri.

Kanyenya23
Apa ndamva. Nanga ndisankhiretu punt ndisanalowe mu draft?

GogoWaLigi
Ayi, dikirani muone awiri oyamba amene mwapeza. Iwowo ndi amene akuuzeni.

Nachi_9cat
Ndipo a Zebra, ngati mudzalowe ligi ya mapointi, za punt zonsezi muziiwale. Pa Yahoo mwachizolowezi pointi ndi 1, rebaundi 1.2, asisti 1.5, steal 3, block 3, turnover kuchotsa 1. FG% ndi FT% sizilowamo. Giannis kumeneko ndi mfumu, ndipo oponya kwambiri ngati Cam Thomas uja amakwera.

Thobwa_na_Threes
Musaiwalenso Malichi. Ma playoff a fantasy amagwera nthawi imene matimu osachita bwino amayamba kukhazika akatswiri awo kuti adzapeze pick yabwino pa draft ya NBA. Damian Lillard mu 2023 ankagoletsa 32 pa gemu, Portland inamuimitsa mu Malichi. Markkanen yemwe agogo amutama uja, Utah inalipitsidwa $100,000 mu Malichi 2025 chifukwa chomukhazika. Koma mbali ina, nthawi imeneyo ndi imene achinyamata osadziwika a matimu omwewo amasewera mphindi 35, ndipo amapezeka pa waiver ulere. FAAB yanu musamalize mu Novembala.

Kanyenya23
Chabwino aphunzitsi, tsopano mayina. Chaka chino malo atseguka kuti?

GogoWaLigi
Boston choyamba. Jayson Tatum anaduka mtsempha wa Achilles mu Meyi 2025, Jrue Holiday anapita ku Portland, Kristaps Porziņģis ku Atlanta. Mipira yambiri ilibe mwini. Payton Pritchard anatenga Sixth Man of the Year akuchokera pa benchi, ndiye ganizirani akamayamba. Derrick White nayenso, guard amene amapeza block yoposa imodzi pa gemu, koma ameneyo safika raundi 7. Kenako Indiana, Tyrese Haliburton anavulala pa Game 7 ya Finals ndipo sizoni yonse ya 2025-26 kulibe, Myles Turner anapita ku Milwaukee. Houston nayo, Fred VanVleet anaduka ACL, mtsempha wa m'bondo, mu Seputembala 2025.

Malume_SouthBend
Za Indiana mundifunse ine, mtima ukadali kuwawa. Andrew Nembhard ndi amene agwire mpira, ndipo kochi Rick Carlisle amamukhulupirira chifukwa amatchinga. Maasisti akwera. Bennedict Mathurin agoletsa, koma ndi wa gulu lija achemwali analinena, mapointi ndi ma free throw, zina zochepa. Pa 9-cat ine Nembhard patsogolo.

KabazaPG
Nembhard timamukumbukira wa ma playoff. Sizoni yeniyeni yathayi anali pa mapointi 10, ma three osafika 30%. T.J. McConnell alipobe, adya nawo mphindi. Ine pa mtengo womwewo bola Reed Sheppard wa ku Houston. Pick nambala 3 mu 2024, ku Kentucky ma three ankalowetsa oposa theka, ma steal 2.5 pa gemu. Denga lake ndi lalitali.

Nachi_9cat
Sheppard yo chaka chatha Ime Udoka ankamupatsa mphindi zosafika 13. Kochi ameneyo ukaphonya kutchinga kawiri wakutulutsa. Akhoza kungopereka mpira kwa Amen Thompson, Alperen Şengün ndi Durant, mnyamata n'kumalowa ndi a pa benchi. Ine ndingamutenge pa maraundi atatu omaliza, osati pamwamba pa Nembhard amene mphindi zake ndi zodziwika.

KabazaPG
Pa maraundi omaliza simumupeza achemwali, aliyense wamva za VanVleet.

Nachi_9cat
Ndiye kuti si wotchipanso, atenge ena.

Mlonda_wa_Usiku
Houston ikutsegulira sizoni ku Oklahoma City pa 21 Okutobala 2025, kwathu kuno ikhala 1:30 usiku wolowera Lachitatu. Ndili pa shifiti tsiku limenelo, ndidzakuwerengerani mphindi za Sheppard imodzi imodzi, ndi amene atseke gemu mu kota yomaliza.

KabazaPG
Lachitatulo adzakhala ali pa timu yanga kale. A Nachi mukadzamufuna, mudzabwere ndi Pritchard m'manja.